Chala cha ababa pamwamba pa katoni

Chaka chatha, ndili m'kalasi yachikhumi, aphunzitsi athu a makompyuta anabwera ndi ntchito imene inatiseketsa tonse. Makompyuta a pashikola pathu ndi ochepa, ndipo masiku ambiri sayaka, choncho zambiri tinkaphunzira ndi mapepala. Tsikulo anati aliyense akonze maonekedwe a apulikativu, kapulogalamu ka m'telefoni, kamene mwini galu angaitanire munthu woti adzamuyendetsere galu wake.

"Kuyendetsa galu, apulofesa?" anafunsa mnzanga wokhala naye benchi imodzi, amenenso timaimba naye kwaya kutchalitchi. "Galuyo wathyoka miyendo?"

Aphunzitsi anaseka nafe. Anati ntchitoyo anaitenga m'maphunziro amene iwo anachita pa intaneti, ndipo m'mizinda ikuluikulu muli anthu okhala m'nyumba zosanjikizana, amene agalu awo amaswera m'nyumba atatsekeredwa. Kwathu kuno galu amadziyendera yekha, kukafika kudambo n'kubwerera nthawi imene wafuna. Koma anati nkhani si galu ayi. Ankafuna tiphunzire kukonza chinthu chimene munthu angachigwiritse ntchito popanda womulondolera.

Anatipatsa malamulo. Nkhope iliyonse ya telefoni tiijambule pa katoni kakekake. Tipeze munthu weniweni amene ali ndi galu. Iye azidinda ndi chala, ife tizisintha makatoni ngati telefoniyo ndife. Tisamuthandize, tisamufotokozere, tizingolemba pamene waima. Kenako ananena mawu amene ndinawalemba madzulo ake m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, n'kuwadula mzere kunsi: munthu akaima, wolakwa ndi wokonza, osati iye.

Ndinaikonda ntchitoyo kuposa mmene ndinkaonetsera kwa anzanga. Ndinali nditayamba kuganiza kuti ndikamaliza shikola ndidzapita ku Tete kukaphunzira zimenezi. Ndinapempha katoni ya sopo kwa munthu wina wogula katundu kumalire, ku Cassacatiza, n'kuidula zidutswa zisanu, ndikuyezera pa telefoni ya amayi. Pa choyamba ndinajambula galu woyera waubweya wambiri, amene ndinamuona pa chithunzi, ndi batani lolowera kunsi kwake. Pa chachiwiri panali nkhope zitatu za anthu oyendetsa agalu, aliyense ndi nyenyezi zake zosonyeza kuti ndi wabwino bwanji. Pa chachitatu panali nthawi: theka la ola, ola lathunthu, ndi batani lalikulu lobiriwira lakuti tsopano. Chachinayi chinali mapu, chachisanu chinali chothokoza. Mawu onse ndinawalemba m'Chipwitikizi. Sindinaganizeko n'komwe za chilankhulo china. Kwa ine telefoni inali yolankhula Chipwitikizi basi.

Munthu wa galu sindinakamufune kutali. Ababa ali ndi agalu awiri, wamkazi wofiira ndi wamphongo wakuda, ndipo m'dera lathu, chakufupi ndi Mualadzi, amadziwika nawo. Dowe akayamba kukhwima, anyani ndi nguluwe zimavuta m'minda ya kufupi ndi phiri, ndipo anthu amabwera kudzabwereka agalu athu kuti azikalondera nawo. Zimenezi ndinakula ndikuziona, koma sindinafunsepo kuti zimayenda bwanji.

Ababa anakulira ku Zambia, kumene makolo awo anathawira nkhondo, ndipo anabwerera kuno ali kale munthu wamkulu. Shikola anangoilawa. Chipwitikizi amadziwa cha moni ndi cha pamsika. Chichewa amawerenga, koma pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu, chikuyenda nawo mzere ndi mzere. Ngakhale zinali choncho, kutchalitchi kwathu ndiwo ankaimirira Lamulungu lililonse kuwerenga vesi ulaliki usanayambe. Anayamba ine ndisanabadwe. Loweruka masana ankakhala pakhonde kukonzekera, milomo ikugwedera, ndipo nthawi imeneyo ngakhale amayi sankawatuma kanthu.

Ndinawapeza pafupi ndi nkhokwe akumata chubu cha njinga. Nditawafotokozera, anasiya chubucho, n'kukasamba m'manja ndi sopo. Anati sangagwire ntchito ya kushikola ndi manja a ulimbo. Anakhala pampando, ine ndinagwada pamphasa, n'kuika katoni koyamba patebulo laling'ono. Amayi anali chapatali pang'ono akusenda nyemba.

"Uyu ndi galu kapena nkhosa?" anafunsa ababa.

Sindinayankhe. Anandiyang'ana.

"Ndidinde pati, mwanawe?"

"Telefoni siyankha, ababa."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa lamulo lomveka. Anadinda pamphuno pa galu uja. Sipanali pa batani, choncho sindinasinthe katoni. Anadindanso. Kenako chala chinatsika n'kuyamba kuyenda pansi pa mawu a Chipwitikizi aja, lemba ndi lemba, mpaka anadinda pomwepo, mwina chifukwa panalibenso pena podinda. Ndinaika katoni kachiwiri.

Nkhope zitatu zija anaziyang'ana nthawi yaitali. "Anthuwa ndi a kwa yani? Galu amawadziwa?"

Anasankha wapakati, akuti akuoneka wofatsa.

Pa katoni kachitatu ndi pamene anaimiratu. Chala chinakwera m'mwamba, chikupita ku theka la ola, chikubwerera, chikupita ku batani lobiriwira, osatera paliponse. Chinkanjenjemera pang'ono, monga chimachitira akagwira khasu tsiku lonse.

"Iwe, athandize abambo ako," anatero amayi.

"Aphunzitsi anakaniza."

"Msiye, ndi lamulo lawo," anatero ababa. Kenako anandifunsa, "Nanga pa masiku pali pati?"

Anayamba kufotokoza kuti galu satengedwa tsiku lomwelo, kuti pamafunika masiku atatu, ndi zina zokhudza mkute ndi thumba. Ndikunena zoona, sindinamvetsere. Ndinkangoyang'ana chalacho, ndipo mumtima ndinali nditapsa. Ndinali nditataya masiku anayi pa makatoni amenewo, ndipo munthu woyamba kuwagwira sanafike ngakhale pa mapu, amene ndinawajambula bwino kuposa onse. M'kabuku ndinalemba mawu awiri okha: sanathe kumaliza. Ababa anandibwezera katoni ndi manja awiri, n'kunena kuti ndajambula bwino, n'kubwerera ku chubu chawo.

Tsiku loonetsa ntchito linali lotentha, ndipo ife timaphunzira masana. Anzanga angapo anali atalankhula kale, kalasi ikuodzera. Ine nditaimirira, ndinaonetsa katoni koyamba, kachiwiri, palibe amene anadzutsa mutu. Pa kachitatu aphunzitsi anafunsa kuti munthu wanga anachita bwanji.

Sindinakonzekere zimene ndinachitazo. Ndinangokweza chala m'mwamba, n'kuchinjenjemeretsa pamwamba pa katoni, uku ndi uku. Wina anaseka kumbuyo. Ndinawerama msana monga amachitira ababa, n'kuzamitsa mawu: "Uyu ndi galu kapena nkhosa?" Kalasi yonse inadzuka. Ndinamva kukoma, sindibisa. Ndinapitiriza. Ndinayendetsa chala pansi pa mawu lemba ndi lemba, milomo ikugwedera, chimodzimodzi mmene amawerengera Loweruka pakhonde. "Nanga pa masiku pali pati?" Mnzanga wa kwaya uja anagona pabenchi ndi kuseka. Aliyense ankadziwa kuti ndikunena ababa, pakuti ndinali nditanena poyamba pomwe.

Aphunzitsi sanaseke. Anadikira phokoso lithe.

"Masiku ake ati amene ankafunsa?"

"Sindikudziwa, apulofesa."

"Unawafunsa?"

"Ayi."

"Ndiye wasintha chiyani pa makatoniwa chichokereni kwa iwo?"

Anati ndikhale pansi. Madzulo m'kabuku ndinalemba kuti aphunzitsi andichititsa manyazi pamaso pa anthu. Tsamba limenelo lilipobe. Ndikaliwerenga lero ndimaona kuti tsiku limenelo ndinkadzimvera chisoni ndekha, za ababa mulibemo ngakhale mzere umodzi.

Lamulungu lotsatira ife a kwaya tinakhala pamalo pathu, kutsogolo chakumbali, moyang'anana ndi anthu. Ababa anaimirira ndi Baibulo lawo, lija lokutidwa ndi pulasitiki. Atangoika chala pa tsamba, mnzanga uja anandigunda ndi chigongono, n'kukweza chala chake pang'ono pamwamba pa bondo, akuchinjenjemeretsa. Atsikana awiri a kumbuyo kwathu, amenenso ndi a kalasi yathu, anabisa nkhope m'mipango. Kuseka kobisa kumamveka kwambiri m'tchalitchi chaching'ono ngati chathu. Ababa anadzutsa maso. Anaona chala cha mnzangayo, kenako anayang'ana ine.

Anachotsa chala pa tsamba n'kuika dzanja kumbuyo. Anayesa kuwerenga ndi maso okha. Anataya mzere, anabwereza mawu amene anali atawerenga kale, anaima, anayambiranso. Vesi linali lalifupi, koma kwa ine linatalika kuposa ulaliki. Atamaliza anakhala pansi, Baibulo anatseka.

Tinabwerera kunyumba. Ababa anadya, anafunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Loweruka lotsatira sanakhale pakhonde, anapita kumunda mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu, nthawi ya vesi itakwana, anauza mkulu wina wa mpingo kuti awerenge, akuti maso ayamba kuwavuta.

Amayi ndiwo anandiitana kuseri kwa khitchini Lolemba m'mawa. Nkhani yonse anali ataimva kumjigo, kwa amake a mnzanga uja, amene anaifotokoza ngati nthabwala, mpaka kuonetsa ndi chala chomwe.

"Maso awo ali bwinobwino," anatero amayi. "Dzulo lomweli anandichotsa kaminga kuphazi. Ukudziwa kuti anaphunzira bwanji kuwerenga? Kumsasa wa othawa nkhondo, pansi, ndi kamtengo. Buku analigwira ali ndi ndevu. Iwe anakugulira kope usanadziwe n'komwe kupukuta mamina."

"Sindinafune kuti zifike kutchalitchi."

"Unkafuna zithere kuti? Kukalasi kokha kunali bwino?"

Ndinalira. Amayi anati misoziyo ndipite nayo kwa eni ake, iwo ali ndi ntchito.

Ababa ndinawapeza akumanga chingwe m'khosi mwa galu wofiira. Ndinagwada patali pang'ono n'kunena zonse, mmene ndinayambira ndi mmene ndinapitirizira nditaona kuti anthu akuseka. Ndinanena kuti si mnzanga uja anayambitsa, ndine. Anamvetsera akuyang'ana mfundo ya chingwe. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo mwina zikanandipepukira.

"Ulowa nthawi yanji kushikola?"

"Masana, ababa."

"Tenga thumba ilo. Tiye."

Linali thumba lakale la chimanga, limene amakhalira akamasema mipini. Tinayenda kudutsa dambo, iwo patsogolo ndi galu, ine kumbuyo. Tinkapita kumunda kwa mayi ena achikulire a kutsidya, amasiye, amene anyani anali atayamba kuwathyolera dowe. Anali atabwera kunyumba sabata yapitayo kudzapempha galu.

Tinawapeza pachilindo, kansanja kolonderapo kamene kali pakati pa munda. Atapatsana moni ndi ababa, anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu ndi wa telefoni ya katoni uja?"

"Ndi yemweyo," anatero ababa.

"Undiimbireko mwana wanga ku Nsadzo, mwanawe. Kapena katoni yatha moto?"

Ndinayang'ana pansi. Anaseka okha, koma sikunali kuseka koipa.

Tsiku loyamba limenelo panalibe kulondera. Ababa anakhala pansi ndi galu pakati pa miyendo yawo, mayiwo anakhala chapafupi, osamuyang'ana galuyo m'maso, akucheza za mvula. Patapita nthawi anatulutsa mkute m'kansalu, n'kuutambasula pa dzanja. Galu ananunkhiza m'mwamba, n'kutembenukira kwa ababa. Sanadye. Mayiwo anati, "Wandikana," ndipo ababa anati palibe vuto, mawa. Tinabwerera naye kunyumba. Thumba tinalisiya pachilindo.

Tsiku lachiwiri galu anadya, mofulumira, n'kuthawira kwa ababa. Ababa anapereka chingwe kwa mayiwo, ndipo iwo anazungulira naye munda wonse m'malire, pang'onopang'ono, ababa ali chiimire pachulu pamene galu ankawaona. Ndinafunsa chifukwa chake. Aka kanali koyamba kuwafunsa funso lenileni pa nkhaniyi.

"Kuti adziwe pamene munda wathera," anatero. "Ukapanda kutero adzathamangitsa anyani mpaka kuphiri, ndipo kumeneko amupha. Anyani akakhala kwawo saopa galu."

"Nanga thumba?"

"Lili ndi fungo langa. Mawa ine ndikachoka, adzagona pamenepo. Akadzuka n'kupeza thumba, amadziwa kuti sindinamutaye."

Ndinalibe kabuku, ndinalemba pa mkono ndi cholembera.

Tsiku lachitatu galuyo tinamusiya. Analira pang'ono tikuchoka, akukoka chingwe, kenako tili kudambo kulira kunasiya. Ababa anaima kumvetsera, n'kupitiriza ulendo. Anati pali anthu ena amene galu amawakana masiku onse atatu, ndipo oterowo sawapatsa, ngakhale akhale achibale. Ndinakumbukira nkhope zitatu zija ndi nyenyezi zanga. Nyenyezi zimenezo ndinkaganiza kuti azipereka anthu. Galu ndinali nditamuiwala, ngakhale kuti ndiye amene ndinamujambula pa katoni koyamba.

Ndinapemphanso katoni ina. Nthawi yopereka ntchito inali itadutsa, ndipo malikisi anga ochepa aja anali atalembedwa kale, koma ndinakonzabe. Ndinalemba m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, mawu ochepa. Galu woyera uja ndinamuchotsa, ndinajambula wathu wofiira, ndi khutu lake long'ambika, ndipo chithunzi chonsecho ndinachisandutsa batani, popeza ndi pamene ababa anadinda poyamba. Pansi pa nkhope ya munthu aliyense ndinaika funso lakuti: galu anadyapo m'dzanja lake? Batani lobiriwira lija ndinalitaya. M'malo mwake ndinajambula madzuwa atatu, pansi pa loyamba dzanja ndi mkute, pansi pa lachiwiri chingwe ndi malire a munda, pansi pa lachitatu thumba.

Ndinazengereza masiku angapo ndisanawaonetse ababa. Ndinkaopa kuti akana, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Nditalimba mtima, anayang'ana makatoniwo ali m'manja mwanga.

"Telefoniyi ikuyankha, kapena ndi yosayankha ija?"

"Mukafunsa ndiyankha, ababa."

Sanakasambe m'manja ulendo uno. Anangopukuta pa buluku n'kukhala. Dzanja linakhala pa bondo kanthawi, ndipo ine ndinayang'ana kumbali kuti ndisaoneke ngati ndikulidikira. Kenako ndinamva katoni kakugogoda patebulo. Anadutsa koyamba ndi kachiwiri osafunsa. Pa madzuwa atatu anaima, chala chili m'mwamba monga kale.

"Apa palakwika," anatero. "Akakana kudya tsiku loyamba, ngati anachitira uja, ndidinda pati? Ukundipititsa tsiku lachiwiri mokakamiza."

Ndinalemba zimenezo, mawu onse mmene anawanenera. Anapezanso china pa mapu: ndinajambula njira yochokera kunyumba, pamene chofunika ndi malire a munda. Ndinalembanso. Pomaliza anati galuyo tsopano akuoneka galu.

Aphunzitsi nditawaonetsa, anawayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati angawasunge kuti adzaonetse a kalasi ya chaka chino. Ndinati ndikafunse kaye kunyumba. Ababa anavomera, koma anati asadzatchule kuti anayesa ndani.

Kwa atsikana a kwaya ndinalankhula tsiku la kuyeserera nyimbo. Ndinati zimene ndinachita m'kalasi zinali zoipa, ndipo amene akufuna kuseka aziseka ine. Mnzanga uja anati inali nthabwala chabe, n'kukwiya nane pafupifupi mwezi. Chala sanachikwezenso.

Ndinkaganiza kuti zikatero ababa adzaimiriranso Lamulungu lotsatira. Sanaimirire. Chimanga chinauma, tinakolola, galu wofiira anabwerako kutsidya atanenepa, mvula ina inabwera. Vesi akuwerengabe mkulu uja, amene amawerenga mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Anthu ena anaiwala kuti kale ankawerenga ndi ababa. Ine ndinawafunsapo kamodzi, tikupalira, ngati adzayambirenso. Anati mzere wanga wakhota, ndiuwongole.

Miyezi yambiri Baibulo ankalisiya kunyumba, pamwamba pa kabati. Masabata atatu apitawa anayamba kulinyamulanso. Lamulungu lapitali, mkulu uja atatchula chaputala, ndinaona kuchokera ku kwaya ababa akutsegula lawo pa miyendo, mutu uli pansi. Anapeza tsamba mochedwa, winayo ali kale pakati. Anaika chala pansi pa mzere woyamba n'kuyamba kuyenda nacho paliwiro lawo. Owerenga atamaliza n'kukhala pansi, iwo anali asanafike kumapeto, ndipo sanatseke buku mpaka atafika. Nyimbo inali itayamba kale, ine ndinalowa mochedwa.